Kutseka misewu ya pakati pa mzinda pa tsiku la mpikisano wothamanga: ndondomeko ya okonza

Komiti yokonza mpikisano wothamanga kapena ndawala yotolera ndalama zothandizira ovutika kawirikawiri imayamba ndi nkhani ya malaya a othamanga, mphoto ndi mlendo wolemekezeka, ndipo nkhani ya msewu imakambidwa kumapeto ngati kuti ndi kalata imodzi yokha yopita kupolisi. Kachitidwe kameneka n'kolakwika. Msewu wa pakati pa mzinda ndi wa anthu onse, ndipo pa tsiku la mpikisano mumakhala mutaubwereka kwa namwino amene akupita kukalandira ntchito kwa mnzake wausiku, kwa woyendetsa basi, kwa mwini sitolo ndiponso kwa wodwala amene ali mu ambulansi, anthu amene sanalembetse nawo mpikisano wanu. Cholinga chanu chingakhale chabwino chotani, udindo wobweza msewuwo pa nthawi imene munalonjeza umakhalabe wanu, ndipo malangizo onse ali m'munsimu atsamira pa mfundo imeneyi.

Choyamba: dzifunseni ngati msewu mukuufunadi

Ngati mukuyembekeza anthu mazana awiri kapena atatu, paki, bwalo la masewero kapena njira ya m'mbali mwa mtsinje ikhoza kukukwanirani popanda kuimitsa galimoto ngakhale imodzi. Parkrun, imene inayamba mu 2004 ku Bushy Park mumzinda wa London, imathamangitsa anthu makilomita 5 Loweruka lililonse m'maiko ambiri, ndipo imatero m'mapaki ndi m'malo ena opanda galimoto. Ngakhale New York City Marathon, pamene inkayamba mu 1970, othamanga ake ankangozungulira mkati mwa Central Park, ndipo inalowa m'misewu ya zigawo zonse zisanu za mzindawo mu 1976. Kuyamba pang'ono si kulephera ayi. Pakati pa mzinda pali ubwino wake, chifukwa anthu oonerera amachuluka ndipo makampani othandiza amakopeka, koma walira mvula walira matope: mukasankha pakati pa mzinda, mwasankhanso ntchito yonse imene ikutsatirayi.

Chachiwiri: tsiku ndi ola

Mipikisano yambiri ya mumsewu imachitika m'mawa kwambiri kumapeto kwa sabata, pamene maofesi ali otseka ndipo galimoto ndi zochepa. Musanasankhe tsiku, funsani ku khonsolo ya mzinda ngati kulibe zochitika zina, monga masewero akuluakulu a mpira, mayeso a sukulu, zionetsero kapena ntchito yokonza msewu, ndipo kumbukirani kuti nyumba zopemphereramo zimadzaza pa masiku amene maofesi atseka. Kuyamba m'mawa kumathandizanso pa nkhani ya kutentha. Mu October 2007 okonza Chicago Marathon anaimitsa mpikisano uli mkati chifukwa cha kutentha kwambiri, othamanga ambiri atadwala, ndipo pa tsiku lotere ambulansi zimafuna misewu yomwe ija mwatseka.

Chachitatu: kujambula njira

Apa ndi pamene muyenera kuthera nthawi yambiri, chifukwa madandaulo ambiri a tsiku la mpikisano amabadwira pa mapu miyezi ingapo tsikulo lisanafike.

Njira ya mpikisano imakhala ya mitundu itatu. Ilipo yozungulira, imene imathera pamene inayambira. Ilipo yopita n'kubwerera mumsewu womwewo. Ndipo ilipo yochokera pamalo ena kukathera kwina. Njira yozungulira imasangalatsa othamanga ndipo imapeputsa ntchito ya okonza, popeza zonse zimakhala pamalo amodzi, koma ili ndi vuto limene ambiri saliona msanga: imatsekera mkati aliyense amene amakhala kapena kugwira ntchito m'dera lozingidwalo. Ngati mkati mwa dera limenelo muli chipatala, malo a ozimitsa moto kapena depoti ya mabasi, njirayo isinthidwe, kapena papezeke mlatho kapena njira yapansi imene galimoto zingatulukire popanda kudutsa pakati pa othamanga. Njira yopita n'kubwerera imatenga misewu yochepa ndipo imafuna oyang'anira ochepa, ngakhale kuti msewu umodziwo umakhala wotseka nthawi yaitali. Kwa komiti imene ikukonza koyamba, ine ndimaona kuti njira imeneyi ndiyo yabwino koposa, makamaka pamsewu waukulu wokhala ndi chotchinga pakati, pomwe othamanga angapatsidwe mbali imodzi ndipo galimoto n'kupitiriza kuyenda mbali inayo.

Lembani mphambano iliyonse imene njira yanu ikudutsa ndi kuipatsa nambala. Mphambano iliyonse imafuna chotchinga, chikwangwani ndi munthu, motero kuchotsa mphambano zisanu pa mapu n'kuchepetsa ndalama ndi ngozi nthawi imodzi. Ngati othamanga adzagwiritsa ntchito mbali imodzi yokha ya msewu, konzani kuti azikhotera ku mbali imene galimoto zimayendera m'dzikolo: kumene galimoto zimayenda kumanzere, othamanga akhale kumanzere ndi kumakhotera kumanzere, ndipo kumene zimayenda kumanja akhotere kumanja. Mukatero, sadzadutsa kutsogolo kwa galimoto pokhota. Pewani malo amene njanji imadutsa pamsewu, chifukwa sitima simungaiimitse, ndipo musatseke mlatho umene ndi wokhawo wolumikiza mbali ziwiri za mzinda.

Mapu okha si okwanira. Yendani njira yonse wapansi pa tsiku ndi ola lofanana ndi la mpikisano wanu, kope lili m'manja, ndipo muone zimene zimachitika nthawi imeneyo: malole amene amatsitsa katundu m'bandakucha, mahotela amene alendo ake amanyamuka kupita ku bwalo la ndege, malo omwetsera mafuta amene satseka, zipata za nyumba zosanja zimene zimatulukira mumsewu womwewo. Onaninso maenje, zivundikiro za ngalande zosoweka ndi malo amene msewu wachepa mwadzidzidzi, popeza gulu la anthu likathithikana pamalo opapatiza limagwetsana.

Mtunda wake uyezedwe musanapemphe chilolezo. Marathon ndi makilomita 42.195 ndipo theka lake ndi makilomita 21.0975. Pa mipikisano yovomerezedwa ndi World Athletics, bungwe loyang'anira masewero othamanga padziko lonse, oyeza amagwiritsa ntchito njinga yokhala ndi kachipangizo kowerenga kuzungulira kwa gudumu kotchedwa Jones counter, amatsata njira yaifupi kwambiri imene wothamanga angadutse, ndipo amaonjezera mita imodzi pa kilomita iliyonse kuti mtunda usaperewere. Mpikisano wachifundo sungafunike zonsezi, koma mukadzazindikira mochedwa kuti njira yaperewera ndi mamita 300, mudzafuna msewu wina umene sunalembedwe m'chilolezo chanu.

Chachinayi: kuwerengera nthawi yotseka ndi yotsegula

Musapemphe kuti misewu yonse itsekedwe kuyambira m'mawa mpaka masana. Pempho lotere limakanidwa msanga, ndipo likavomerezedwa limakwiyitsa anthu popanda chifukwa. Gawani njira yanu m'zigawo, ndipo chigawo chilichonse chikhale ndi nthawi yakeyake yotsekera ndi yotsegulira, yochokera pa anthu awiri okha: wothamanga woyamba ndi womaliza.

Tiyerekeze kuti mpikisano ndi wa makilomita 10 ndipo ukuyamba 6:30 m'mawa. Wothamanga wachangu kwambiri amatha kilomita imodzi pa mphindi zitatu, motero adzafika pa kilomita 9 nthawi ya 6:57. Woyenda pang'onopang'ono tinene kuti amatenga mphindi 12 pa kilomita. Koma iyeyu sanyamuka 6:30 ayi, chifukwa amakhala kumbuyo kwa gulu, ndipo ngati anthu ndi ambiri akhoza kudutsa poyambira nthawi ya 6:40. Mphindi 10 zimenezi ndi zimene okonza ambiri amaiwala. Munthu ameneyu adzadutsa pa kilomita 2 nthawi ya 7:04 ndipo pa kilomita 9 nthawi ya 8:28. Mukaonjezera mphindi 20 zotolera makapu, mabotolo, makoni ndi zotchinga, chigawo cha pa kilomita 2 chikhoza kutsegulidwa cha m'ma 7:25, pomwe cha pa kilomita 9 chidzatsegulidwa cha m'ma 8:50. Kutseka kuchitike mphindi zosachepera 30 wothamanga woyamba asanafike, kuti galimoto zimene zili kale mkati zituluke.

Malo oyambira ndi omalizira amafuna nthawi yaitali kuposa ena onse, chifukwa pamamangidwa matenti, chipata ndi zokuzira mawu, ndiye ngati n'kotheka akhale pabwalo kapena pamsewu waung'ono, osati pamphambano yaikulu.

Kuwerengera kumeneku kulibe ntchito ngati simunaike malire a nthawi. Othamanga auzidwe polembetsa kuti amene adzapitirire nthawi yoikikayo adzapemphedwa kukwera galimoto yotsalira kumbuyo kapena kupitiriza ulendo m'mbali mwa msewu ngati woyenda pansi wina aliyense. Comrades Marathon ya ku South Africa, imene imathamangidwa pakati pa Durban ndi Pietermaritzburg kuyambira 1921, ili ndi malire a maola 12 komanso malire ena m'malo angapo a m'njira. Pa mpikisano wachifundo lamuloli limapweteka mtima, popeza omaliza nthawi zambiri ndi okalamba kapena amene akuyendera kukumbukira m'bale wawo amene anamwalira, choncho ikani malire omasuka amene angawakwanire, koma mukawalengeza muwasunge.

Chachisanu: chilolezo

Pitani kwa akuluakulu miyezi isanu ndi umodzi tsiku lisanafike, ndipo ngati mpikisano ndi waukulu, chaka chathunthu. Malamulo amasiyana dziko ndi dziko, koma pafupifupi kulikonse muyenera kukambirana ndi mbali ziwiri: khonsolo kapena bungwe loyang'anira misewu, limene lili ndi mphamvu zolola kuti msewu utsekedwe, ndi apolisi, amene amaona za chitetezo ndi kayendedwe ka galimoto. Ku Britain, mwachitsanzo, misewu imatsekedwa pa zochitika zotere pogwiritsa ntchito gawo 16A la lamulo la Road Traffic Regulation Act 1984. Funsani msanga kuti msewu uliwonse uli m'manja mwa yani, chifukwa mumzinda umodzi msewu wina ukhoza kukhala wa khonsolo, wina wa boma lalikulu, ndipo chilolezo cha mmodzi sichigwira ntchito pamsewu wa mnzake.

Pa msonkhano woyamba tengani mapu oonetsa mphambano zonse, ndandanda ya nthawi zija, njira zolambalala, chiwerengero cha anthu amene mukuyembekeza, kalata ya inshuwalansi yoteteza anthu amene angavulale, dongosolo la thandizo la chipatala ndiponso chikalata chofotokoza ngozi zimene zingachitike ndi mmene mudzazipewere. Funsani mosabisa mawu kuti apolisi, zikwangwani ndi kulengeza m'nyuzipepala adzalipira ndani, chifukwa m'malo ambiri ndalamazo zimachokera kwa okonza, ndipo zimadya ndithu thumba limene mumafuna kukapereka kwa ovutika. Akuluakuluwo akakuuzani kuti musinthe njira, mvetserani. Iwo amadziwa mphambano zimene zimavuta. Zonse zimene mwagwirizana zilembedwe ndi kusainidwa.

Chachisanu ndi chimodzi: kumene galimoto zidzadzere

Kutseka msewu sikuchotsa galimoto, kumangozisamutsira kwina. Njira yolambalala iyenera kukwanira mabasi ndi malole, yopanda mlatho wotsika umene sangadutse pansi pake kapena makona othina, ndipo isadutsenso njira ya othamanga kutsogolo. Kambiranani ndi makampani a mabasi ndi a matakisi kuti masiteji otsekedwa asamukire pati. Pemphaninso lamulo loletsa kuimika galimoto m'njira ya mpikisano kuyambira usiku wa dzulo lake, ndipo mugwirizane kuti galimoto zotsala adzazichotsa ndani.

Chachisanu ndi chiwiri: kudziwitsa anthu

Anthu ambiri amalola kusokonezedwa pang'ono akadziwiratu, koma amakwiya akadzidzimutsidwa. Kutatsala mwezi umodzi, kalata ifike pa nyumba, sitolo, hotela ndi nyumba yopemphereramo iliyonse ya m'njira, ndipo kalatayo iyankhe funso limene wowerengayo ali nalo, loti adzatuluka bwanji ndipo msewu wake udzatsegulidwa nthawi yanji. Nkhani ya ubwino wa cholinga chanu ibwere pambuyo. Lembanipo nambala ya foni imene idzayankhidwa ndi munthu, chifukwa pamenepa ndi pamene mudzamva za mayi woyembekezera, wodwala amene amapita kuchipatala pa tsiku loikika, ukwati kapena maliro, ndipo nkhani zotere zimakonzedwa mosavuta zikadziwika nthawi ilipo. Zipatala, ozimitsa moto ndi oyendetsa ambulansi musawalembere kalata yokha, kakumaneni nawo.

Kutatsala sabata ziwiri, zikwangwani zonena tsiku ndi maola ziikidwe m'misewu yeniyeniyo, kuti oyendetsa galimoto amene amadutsa tsiku ndi tsiku azione. Lengezani pa wailesi, m'nyuzipepala ndi pa masamba a mchezo, ndipo mudziwitsenso mapu a pa foni monga Google Maps ndi Waze, popeza madalaivala ambiri amatsata zimene foni yawauza.

Chachisanu ndi chitatu: zotchinga ndi oyang'anira msewu

Makoni ndi matepi amasonyeza njira koma saimitsa galimoto. Pa mphambano zing'onozing'ono, chotchinga chokhala ndi chikwangwani ndi munthu mmodzi kapena awiri n'chokwanira, koma pa mphambano zikuluzikulu, makamaka za maloboti, pafunika apolisi apamsewu kapena kampani yovomerezeka pa ntchitoyi. Poyambira ndi pomalizira, pamene anthu amaunjikana, apolisi akhoza kufuna zotchinga zolemera kapena galimoto zoimikidwa mopingasa. Chiyambire pamene mabomba anaphulika pafupi ndi pomalizira Boston Marathon pa 15 April 2013 n'kupha anthu atatu, chitetezo cha malo amenewa chimaonedwa mozama kwambiri, ndipo musadabwe akakufunsani za kufufuza zikwama.

Anthu ongodzipereka ndiwo msana wa ntchitoyi, koma m'maiko ambiri alibe mphamvu za lamulo zoimitsa kapena kuwongolera galimoto pamsewu wotsegula. Ntchito yawo ndi kuima pa chotchinga chovomerezeka, kufotokoza ndi kupereka uthenga. Aliyense akhale wamkulu, avale chovala chowala, ndipo apatsidwe khadi lolembedwa nambala ya mphambano yake, nthawi yotseka ndi yotsegula, njira yolambalala yoti auze oyendetsa galimoto ndiponso nambala ya likulu la mpikisano. Auzeni momveka bwino kuti dalaivala akakwiya n'kufuna kudutsa mokakamiza, asaime kutsogolo kwa galimotoyo, koma achenjeze othamanga, alembe nambala ya galimotoyo ndi kudziwitsa likulu. Lembani anthu oposa amene mukufuna, chifukwa ena sadzabwera.

Oyenda pansi nawonso amafuna kuwoloka. Pamene othamanga ali ochepa, oyang'anira amangodikira mpata n'kuwolotsa anthu. Pamene ali ochuluka mosadukiza, mipikisano ikuluikulu imamanga kachilumba pakati pa msewu: oyang'anira amapatutsira othamanga mbali imodzi ndi chingwe, oyenda pansi amafika pakachilumbapo, kenako othamanga amapatutsidwira mbali inayo ndipo anthu aja amamaliza kuwoloka. Njira imeneyi imafuna msewu wotakata ndi anthu amene anayeserera kale.

Pakhale likulu limodzi, pamene wamkulu wa mpikisano, wapolisi ndi wa zachipatala akhala pamodzi ndi wailesi zolankhulirana, popeza mafoni amatha kuvuta anthu akachuluka malo amodzi. Gwirizanani pasadakhale malo amene ambulansi kapena galimoto yozimitsa moto idzadutsire, ndipo oyang'anira onse adziwe kuti ikafika, othamanga ndi amene amaima, ngakhale atakhala otsogola.

Chachisanu ndi chinayi: tsiku lenilenilo

Zotchinga zitsitsidwe m'mbali mwa misewu usiku kapena m'bandakucha, kuti nthawi yotseka ikakwana kukhale kungozikokera pamsewu. Mpikisano usanayambe, galimoto ya okonza idutse njira yonse kutsimikiza kuti mphambano iliyonse ili ndi munthu ndipo mulibe galimoto yotsala, ndipo chizindikiro choyambira chisaperekedwe likulu lisanamve kuti njira yonse ili bwino. Yambani pa nthawi yake. Zolankhula za alendo zikatenga mphindi 15 zoonjezera, mphindi zomwezo zimaonjezeka pa mphambano iliyonse mumzinda, choncho ndi bwino zolankhulazo zichitike pomalizira.

Patsogolo pakhale galimoto kapena njinga yamoto yotsogolera, ndipo kumbuyo kukhale galimoto yotsalira, yotsatidwa ndi otola zinyalala ndi lole yonyamula zotchinga. Woyang'anira asatsegule msewu chifukwa choti nthawi ya pa khadi yakwana kapena chifukwa sakuonanso othamanga. Adikire kuti galimoto yotsalira idutse ndipo likulu linene. Kutsegula msanga n'koopsa kuposa kuchedwa, chifukwa othamanga otopa amakhulupirira kuti msewu udakali wawo.

Chakudza sichiimba ng'oma, motero gwirizanani kale kuti ndani ali ndi mphamvu zoimitsa kapena kulepheretsa mpikisano pakagwa mvula yamkuntho, moto kapena ngozi ina mumzinda. Mu 2012 New York City Marathon inalephereka kutangotsala masiku awiri, mphepo yamkuntho ya Sandy itawononga mzindawo, othamanga ambiri ochokera kunja atafika kale. Chigamulo chotere n'chowawa, ndipo chimapepukako ngati munalemberatu mmene mudzadziwitsire othamanga ndi zimene zidzachitike ndi ndalama zawo zolembetsera.

Pambuyo pake

Tsiku lomwelo chotsani zikwangwani zonse, kuphatikizapo zija munaika sabata ziwiri zapitazo, ndipo wina adutsenso njira yonse kuona ngati pali zinyalala kapena chinthu choonongeka. Sonkhanitsani makhadi a oyang'anira, amene munawapempha kulembapo nthawi yeniyeni imene wothamanga woyamba ndi womaliza anadutsa ndiponso imene msewu unatsegulidwa, ndipo muyerekeze ndi ndandanda yanu. Yankhani dandaulo lililonse limene lafika, ndipo pasanathe sabata ziwiri pemphani msonkhano ndi khonsolo, apolisi ndi makampani a mabasi, mutanyamula nthawi zimenezo, mndandanda wa mphambano zimene zinavuta ndiponso lipoti la ndalama zimene zatoleredwa ndi kumene zapita.